Tsiku la 41 chidwalireni Amayi

Ndikulemba izi nthawi ili m'ma 11 koloko usiku, Amayi atangogona kumene, ndipo m'nyumba monse mwati zii kupatula kupuma kwawo kumene ndikukumva chifukwa chitseko cha kuchipinda kwawo ndachisiya chotsegula pang'ono. Lero lakwana tsiku la 41 kuchokera pamene anagwa ndi sitiroko, imene inawapha dzanja ndi mwendo wakumanja n'kuwalemetsa lilime. Ndimawerenga masiku chifukwa adokotala anatiuza kuti wodwala matendawa amachira kwambiri m'miyezi yoyambirira, choncho tsiku lililonse limene lapita popanda kusintha kooneka limandiwawa ngati kuti ndataya chinthu chimene sindidzachipezanso.

M'mawa munali movuta. Ndinawasambitsa, ndinawaveka, kenaka ndinayamba kuwapinda ndi kuwawongola dzanja lija monga momwe a fizo, amene amathandiza odwala kulimbitsa ziwalo, anandiphunzitsira, chala chimodzichimodzi, kenaka chigongono ndi phewa. Tili mkati mochita zimenezi anafuna kunditchula dzina, koma pakamwa pawo panatuluka dzina la mng'ono wawo amene anamwalira kalekale. Iwo eni anazindikira kuti alakwitsa. Anayesanso kachiwiri, kachitatu, dzina langa osabwera, ndipo anatembenuzira nkhope kukhoma n'kuyamba kulira mwakachetechete. Munthu amene anandipatsa dzinalo ndi amene lero akulephera kulitchula. Ndinamaliza ntchito yanga ndikunamizira kuti sindinaone misozi yawo, koma nditatuluka panja ndinalira nanenso.

Nditabwerera m'nyumba ndinatenga Baibulo lawo, lomwe chikuto chake chinathothoka ndipo m'mphepete mwa masamba muli timizere ta pensulo tosawerengeka. Sindinafune salimo lachisangalalo, chifukwa mtima wanga ukanalikana. Ndinatsegula pa Salimo 88, ndipo ndinadabwa kupeza kuti nalonso analidula mzere kuyambira vesi loyamba mpaka vesi 18, n'kulemba pambali chaka chimene Bambo anatisiya. Mwa masalimo 150, ambiri ndi odandaula, koma pafupifupi onsewo akafika kumapeto amatembenuka n'kuyamba kutamanda kapena kulonjeza kuti adzatamanda. Salimo ili, limene mutu wake umati ndi la Hemani, silitembenuka. Limayamba ndi kutchula Mulungu kuti ndi mpulumutsi, limamufunsa chifukwa chake wabisa nkhope yake, ndipo mawu ake omaliza ndi onena za mdima. Chimene chinandikhazika mtima pansi n'chakuti pemphero lotereli analisiya m'buku lopatulika osalikonza, ndipo anthu a Mulungu akhala akuliimba ndi kuliwerenga kwa zaka zoposa 2,000. Ndiye kuti munthu akhoza kuuza Mulungu kuti sakuona kuwala kulikonse, osatsekera ndi mawu okometsera, n'kukhalabe akupemphera. Amayi anazidziwa zimenezi kale, ine ndili mwana wosadziwa kuti akudutsa m'zotani.

Cha m'ma 11 koloko m'mawa kunabwera bambo wina wa kumpingo kwathu kudzawaona. Ndi munthu wabwino, ndipo anayenda mtunda kuti afike kuno, choncho sindikufuna kumuchimwira. Anapemphera nthawi yaitali mokweza mawu, ndipo atatha anandiitanira pambali n'kunena kuti tidzifufuze bwino ngati banja, chifukwa matenda otere sabwera pachabe, ndiponso kuti tikanakhala ndi chikhulupiriro chokwanira bwenzi Amayi atadzuka kale. Ndinangoyankha kuti, “Zikomo abambo, tamva,” koma m'mimba munali mutatentha. Atapita ndinakhala ndikuganiza za anzake a Yobu. Elifazi, Bilidadi ndi Zofari atamva za tsoka lake anabwera n'kukhala naye pansi masiku 7, usana ndi usiku, osalankhula kanthu, chifukwa anaona kuti ululu wake unali waukulu. Mpaka pamenepo anachita bwino. Zinasokonekera atatsegula pakamwa n'kuyamba kumufotokozera kuti Mulungu salanga munthu wosalakwa, choncho iye aulule chimene anachita. Pa mutu 42 Mulungu anauza Elifazi kuti wamukwiyira iye ndi anzake awiri aja chifukwa sananene zoona za Iye monga ananenera Yobu, yemwe ndi amene anali kudandaula mpaka kutemberera tsiku limene anabadwa.

Funso lomwelo ophunzira anamufunsa Yesu pa Yohane 9 ataona munthu wosaona chibadwire: anachimwa ndani, iyeyu kapena makolo ake? Yesu anakana zonse ziwiri. Ndikuona kuti anthufe timathamangira kufunafuna wolakwa chifukwa zimatipatsa mpumulo. Tikapeza tchimo la wodwalayo timadzitsimikizira kuti ife, popeza sitinachite tchimo limenelo, zoterezi sizidzatigwera. Ndivomere kuti inenso ndinkaganiza choncho za mabanja ena matendawa asanalowe m'nyumba muno.

Nkhani ya chikhulupiriro chokwanira nayo inandivuta kuimeza. Paulo, amene palibe angamunene kuti anali wopanda chikhulupiriro, analemba pa 2 Akorinto 12 kuti anapempha Ambuye katatu kuti amuchotsere minga imene inali m'thupi mwake, ndipo siinachotsedwe. Anangouzidwa kuti chisomo chimukwanira, popeza mphamvu ya Ambuye imaoneka bwino munthu akafooka. Pa mutu 11 wa kalata yomweyo amawerenga zimene zinamuchitikira: kukwapulidwa kasanu zikoti 39, kumenyedwa ndi ndodo katatu, kuponyedwa miyala kamodzi, ndi kusweka kwa chombo katatu. Mawu a pa Aroma 8:28, akuti zonse zimathandizana kuwachitira ubwino amene amakonda Mulungu, analembedwa ndi munthu wa zipsera zimenezo. Ndimawakhulupirira mawuwo, koma amamveka mosiyana akanenedwa ndi munthu amene wadutsa pamoto, kusiyana ndi pamene wina akuwaponya pakhomo mwachangu akuyang'ana wotchi.

Masana kunabwera mayi wina wachikulire, mnzawo wa Amayi wa zaka zambiri, amene ankaimba nawo limodzi m'kwaya. Sanabwere ndi ulaliki. Anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi bedi, anatenga dzanja lakufa lija n'kuliika pamiyendo pawo, ndipo anayamba kulidzoza mafuta pang'onopang'ono, akutambasula zala zimene zimangokhala zopindika. Atandiyang'ana m'maso anati, “Mwanawe, pita ukagoneko pang'ono, ine ndilipo.” Ndinafuna kukana, koma anandiloza chitseko ndi mlomo. Ndinagona maola awiri athunthu, tulo tofa nato, koyamba m'masabata angapo.

Nditadzuka ndinawapeza ali pomwepo, dzanja likadali pamiyendo pawo, onse awiri ali chete. Ndinaima pakhomo kanthawi osafuna kuwasokoneza, ndipo ndinakumbukira za ku Betaniya. Yesu anafika Lazaro atagona m'manda masiku anayi, ndipo alongo ake onse awiri, Marita ndi Mariya, anamuuza mawu amodzimodzi, akuti akanakhalapo mlongo wawo sakanamwalira. Mawu amenewo ali ndi kadandaulo mkati mwake, koma Iye sanawadzudzule. Ankadziwa kuti posachedwa amuukitsa Lazaro, komabe analira nawo. Ngakhale Yobu, pamene Mulungu anamuyankha m'kamvuluvulu kuyambira mutu 38, sanauzidwe chifukwa chimene ana ake 10 anafera. Anangofunsidwa mafunso a za maziko a dziko, nyenyezi ndi zilombo, ndipo pamapeto pake anati kale ankangomva za Mulungu ndi khutu koma tsopano wamuona ndi maso. Kwa masiku 41 ndakhala ndikufunsa chifukwa chake zimenezi zagwera munthu amene moyo wake wonse wakhala akunyamula ena, ndipo yankho sindinalipeze. Chimene ndinaona masana ano ndi mayi wokalamba, wa mawondo opweteka, atagwira dzanja limene mwini wake salimva n'komwe. Ngati Khristu anafika m'nyumba muno lero, ndikukhulupirira kuti anafika kudzera mwa iwowo.

Dzuwa litapendeka, mayi aja asananyamuke, anayamba kung'ung'uza nyimbo ina yakale ya m'buku la nyimbo. Amayi anatsegula maso, milomo inayamba kugwedera, ndipo pa ndime yachiwiri mawu anatuluka, mzere wathunthu, omveka bwino kuposa chilichonse chimene alankhula chigwereni. A fizo anali atandiuzapo kuti zimachitika ndithu kuti wodwala sitiroko amene akulephera kulankhula amatha kuimba nyimbo imene anaizolowera, chifukwa kuimba sikudalira kwenikweni mbali ya ubongo imene inawonongekayo. Kudziwa zimenezo sikunandiletse kugwada pambali pa bedi. Tinaimba atatu mpaka ndime yomaliza, ine mawu akunjenjemera.

Nyimbo itatha ndinawafunsa kuti, “Amayi, ine ndine ndani?” Anandiyang'ana nthawi yaitali, milomo inayesa, koma dzina silinabwere. M'malo mwake anakweza dzanja lamanzere n'kundigwira patsaya, ndipo ulendo uno sanalire. Ndatchera alamu pa 1 koloko kuti ndikawatembenuze, kuopa zilonda za pabedi, ndipo mawa a fizo abwera 9 koloko.