Ma snowflake a pepala: musalole akupatseni mapepala olimba

Abale, amene mukufuna kuphunzitsa ana symmetry (kufanana ndendende kwa mbali za chinthu) podula ma snowflake a pepala, otengera tizidutswa ta chipale chofewa togwa kumwamba kumaiko ozizira, choyamba pezani pepala lopyapyala ndi sizasi yakuthwa. Ife anatipatsa mapepala olimba amitundumitundu aja pamodzi ndi timasizasi tapulasitiki, ati kuti ana asadzicheke, ndiye tsiku lonse linangopita pachabe, sizasi ikungotafuna pepala, zala za ana zitafiira, wina mpaka kulira kuti aphunzitsi ine sindikufunanso. Wogula zinthuzo sanaganize kuti pepala ukalipinda bwino limasanjikizana ka 12? Ngakhale ine wamkulu zinandikanika.

Kapindidwe kake ndi aka. Pepala likhale sikweya, pindani kona ndi kona likhale thirayango, pindaninso pakati, kenako m'magawo atatu ofanana, mbali imodzi kubwera pamwamba pa inzake. Pa magawo atatupo ndi pamene pagona nkhani yonse. Mavidiyo ambiri a pa intaneti amangopinda pakati, pakati, pakati, mapeto ake chinthu chimatuluka ndi nthambi 4 kapena 8, ndipo zimandinyasa chifukwa snowflake yeniyeni ili ndi nthambi 6, madzi akamaundana tinthu take timalumikizana m'makona 6. Katswiri wa zakuthambo Johannes Kepler analemba za makona 6 amenewa kale mu 1611, ife tiziphunzitsabe ana 8?

Masamu ake ana amawagwira msanga mukawafunsa atanyamula pepalalo m'manja. Kuzungulira konse ndi madigiri 360, kugawa ndi 6 tipeza 60 pa nthambi iliyonse. Kansonga mwapinda kaja ndi madigiri 30, theka la nthambi imodzi. Koma ana aang'ono kugawa patatu ndi maso okha sangathe, amapinda mokhota. Ine ndinayeza 30 ndi protractor pa pepala lolimba lija n'kudula tizidutswa toyezera, aliyense kake, apo pokha ndi pomwe linagwira ntchito.

Ndaiwala, musanayambe kukongoletsa dulani kaye timichira timene timatsala kumtunda mukamaliza kupinda, apo ayi zituluka zamakona osalongosoka. Ndipo muwauze mobwerezabwereza kuti mbali yopindidwa asaidule yonse kuchoka kunsonga mpaka kumtunda, asiye malo ena olumikiza. Mtsikana wina anadula bwinobwino mbali yonse, potambasula tizidutswa tinangoyoyoka pa desiki, nkhope yake inandimvetsa chisoni.

Chimene chinandisangalatsa kwambiri ndi kuwaletsa kutambasula msanga. Ndimafunsa kaye, wadula theka la bwalo pa mpindo apa, chituluka ndi chani? Amakangana, kenako potsegula akuona bwalo lathunthu, lobwerezedwa ka 6. Kathirayango pa mpindo kamatuluka ngati dayamondi. Nsonga ukaidula mopendeketsa kwambiri, pakati pamatuluka nyenyezi ya nsonga 6, pamenepo kalasi lonse phokoso. Kenako timaika kagalasi koonera nkhope mowongoka pa mzere wa mpindo, theka la pa desiki ndi la m'galasi n'kupanga snowflake yathunthu, ndipo amawerenga okha mizere yotere kupeza 6. Kwa okulirapo, jambulani m'mphepete mwake pa pepala lina, bayani pini pakati, zungulitsani madigiri 60, aone ikukhalanso ndendende pa chojambulacho.

Ana oti sanaonepo chipale chofewa aonetseni zithunzi za Wilson Bentley wa ku Vermont ku America, amene anayamba kujambula ma snowflake enieni kudzera pa maikulosikopu mu 1885. Awerenge nthambi okha.

Potambasula achite pang'onopang'ono chifukwa pepala lopyapyala silichedwa kung'ambika, mukatero ikani pansi pa buku lolemera liwongoke. Guluu wamadzi ayi, amalinyowetsa n'kulikwinya, kaselotepi kakang'ono kakwana. Koma pepalalo likhale lopyapyala ndithu, ndipo timasizasi tapulasitiki tija akakubweretserani mubweze pomwepo, mupemphe zachitsulo zozungulira kunsonga.