Alendo abwerenso kumpoto kuno

Abale anga, ine ndimalakalaka zochitika zikuluzikulu zitamabweranso kumpoto kuno. Chikondwerero cha nyimbo cha Lake of Stars chidayambira kwathu konkuno, ku Chintheche, mu 2004. Ndikukumbukira minibasi za ku Nkhata Bay zikudzaza pa depoti ya Mzuzu, alendo atabereka zikwama zawo kumsana. Azakhali anga ankagulitsa nthochi m'mbali mwa msewu, ndipo dengu linkatha dzuwa lisanafike paliwombo. Ndalama ya masiku atatu okhawo idalipira fizi ya mwana wawo.

Mu Disembala 2022 dziko lathu lidalandira masewera a achinyamata a mayiko a kummwera kwa Africa otchedwa Region 5 ku Lilongwe. Alendo adabwerera kwawo, koma malo osambirirapo ndi bwalo la masewera a m'nyumba zidatsala komweko. Ana a ku Chibavi ndi Zolozolo mumzinda wa Mzuzu adangoonera pa TV.

Inde, kumanga bwalo la masewera kumadya ndalama zambiri, ndipo bwalo likangokhala osagwiritsidwa ntchito limasanduka katundu wolemera pamutu pa olipira msonkho. Koma kuno mpira timaukonda, silingagone. Tipatseni mpikisano umodzi wokha, alendo adzamwe khofi wa Mzuzu ali pompano.