Ziro wa chaka chachiwiri pa CV yanga

Mwezi watha ndinali m'kashopu kena kotayipa ndi kupanga fotokope pa boma pano pa Mangochi, kufupi ndi msewu wolowera ku mlatho wa Bakili Muluzi. Ndinkafuna andisindikizire CV. Dzuwa linali litaswa mtengo, fani ikungotembenuza mpweya wotentha womwewo. Mnyamata wotayipayo atafika pa mzere wa maphunziro anaima, n'kuloza chala pa kompyuta.

"Achemwali, 2.94 imeneyi bwanji osangoti 3.0? Kasiyana kake n'kotani?"

Ndinakhala chete. Kunena zoona, mtima unalakalaka, chifukwa malo amene ndinkafunsirawo analemba kuti akufuna munthu wa GPA, avereji ya magiredi onse a ku koleji, yoyambira 3.0. Komanso ndinkadziwa bwino lomwe kumene kanapita kachidutswa kosowako. Kanadyedwa ndi Statistics, phunziro limene ndinalephera m'chaka chachiwiri ku koleji.

Ambiri a ife timafika ku koleji ndi maganizo a MSCE. Kumeneko a MANEB amawerengera maphunziro 6 amene wakhoza bwino koposa, ndipo mapointi akachepa m'pamene wachita bwino. Ukapeza 9 mu phunziro lachisanu ndi chiwiri, limangotsala panja, mapointi ako osakhudzidwa. Ineyo Physics ndinaigwa ku Fomu 4 koma palibe anandifunsapo. Ndiye nditaona kuti Statistics ikundikanika, mumtima ndinkati maphunziro ena anayi a semesita imeneyo andinyamula. Sindinkadziwa kuti ku koleji kulibe phunziro lotsala panja.

Mawerengedwe ake ali chonchi, pa mulingo wa 4 umene tinkagwiritsa ntchito. A ndi mapointi 4, B ndi 3, C ndi 2, D ndi 1, F ndi ziro. Phunziro lililonse lili ndi kulemera kwake, kumene amati makirediti. Umachulukitsa mapointi ndi makirediti a phunzirolo, kuphatikiza zonse, kenako kugawa ndi makirediti onse amene unalembetsa. Mawu oti "unalembetsa" ndi amene amapweteka. Phunziro lolephera silibweretsa kanthu pamwamba, koma makirediti ake amakhalabe pansi pogawira.

Semesita imeneyo ndinali ndi maphunziro 5, lililonse la makirediti 3. Ndinapeza A mmodzi, ma B atatu ndi F. Ndiye kuti 12, kuphatikiza 27, kuphatikiza ziro, zonse 39. Kugawa ndi 15 inatuluka 2.6. Ndikanangopeza C yokha, ikanakhala 45 kugawa ndi 15, yomwe ndi 3.0. Ndinawerengera zimenezi kuseri kwa kope ndili pa bedi ku hositelo, katatu konse, ndikuyembekeza kuti mwina ndaphonya penapake.

Kusukulu kwathu, amene waperewera pang'ono ankamupatsa sapu, kulembanso mayeso aja, ngakhale kuti ukakhoza sapu ankangokupatsa malikisi ongodutsira basi. Ine ndinali pansi kwambiri moti sapu sinandiyenere. Ndinachita kulisenza phunzirolo kupita nalo chaka chachitatu, kukakhala m'kalasi limodzi ndi ana amene ndinawalandira ndekha atangofika. Usiku sindinkagona poopa kuwidedwa, kuchotsedwa sukulu chifukwa cholephera. Ndinkangoona amayi atakhala pa msika ndi dengu lawo la usipa, akuwerenga ndalama zoti anditumizire, ine n'kubwerera kumudzi chimanjamanja.

Chimene chinandigwetsa si matenda kapena maliro, ngakhale kuti ndikanakonda kukhala ndi chifukwa chomveka chotero. Anali manyazi. Mutu wa probability unandidutsa m'sabata yachitatu, ndipo m'malo moimika dzanja ndinkangogwedeza mutu ngati ndikumva. Anzanga akamakumana madzulo kuti athandizane ndinkazemba, kuopa kuti adziwa kuti sindikutolapo kanthu. Paja amati safunsa anadya phula. Pobwereza ndinakhala kutsogolo, ndinkafunsa mpaka aphunzitsi anandidziwa dzina, ndipo ndinapeza C. Sinali C yonyaditsa, koma ndinaikhetsera thukuta kuposa A aliyense amene ndinapezapo.

Apa m'pamene makoleji amasiyana, ndipo aliyense afufuze malamulo a sukulu yake asanayambe kudziwerengera. Kwina ukabwereza, giredi yatsopano imalowa m'malo mwa yakale powerengera GPA, ngakhale F uja amaonekabe pa transcript, pepala la ku koleji losonyeza magiredi onse amene unapeza. Kwina amawerengera zonse ziwiri. Kwathu ankawerengera zonse. Choncho pomaliza ndinali ndi mapointi 362, koma m'malo mogawa ndi makirediti 120 anagawa ndi 123. Ndi 120 ikanakhala 3.02. Ndi 123 inakhala 2.94.

Taonani mmene bala lija linachepera. Pa semesita imodzi linandichotsera 0.4 yathunthu, koma pa zaka zinayi linangotsala kachipsera kosafika n'komwe 0.1. Ndikanadziwa zimenezi nthawi ija sindikanalira masiku onse aja. Kungoti kwa ine kachipserako kanagwera ndendende pamalire, m'pake mnyamata wa kashopu uja anaona ngati ndi nkhani yaing'ono kukakankha.

Amalume anga, amene anaphunzitsa zaka zambiri ku Namwera asanapume, anandiuzapo mawu pa nkhani ngati yomweyi tili pakhonde. Anati, "Iwe, CV umalemba wekha, koma transcript amalemba ndi ena. Tsiku limene mapepala awiriwo adzakumane pa tebulo limodzi, adzagwirizane." Ndipo amakumanadi. Ntchito zambiri kuno amafuna makope a satifiketi otsimikizidwa, ndipo ofunsira sikolashipu kapena masitazi sathawa kutumiza transcript. Munthu akaona 3.0 uku, 2.94 uku, sayambanso kuganiza za Statistics. Amayamba kukayikira mzere uliwonse wa pepalalo, ngakhale umene uli woona.

Chimene ndaona n'chakuti CV si malo olembapo phunziro lililonse. F sumulemba, ndipo sikuti wabisa. Ngati sanafunse GPA, ukhoza kungolemba digiri, chaka ndi gulu limene unakhozera, kaya distinction, credit kapena pass, poti ambiri olemba ntchito m'Malawi muno ndi zimene amayang'ana. Ukhozanso kuonetsa avereji ya zaka ziwiri zomaliza ngati inakwera, bola unene poyera kuti ndi ya zaka zimenezo. Yanga inakwera, ndipo ndimailemba mosachita manyazi. Koma akafunsa nambala yonse, ipite mmene ilili pa transcript.

Ndiye ndinamuuza mnyamata uja kuti, "Achimwene, isiyeni choncho. Pansi pake muwonjezere mzere wa zaka ziwiri zomaliza." Anandiyang'ana ngati ndataya mwayi, koma anatayipa. M'kalata yofunsira ntchito ndinaikamo ziganizo ziwiri zokha: kuti ndinalephera Statistics m'chaka chachiwiri n'kuibwereza, ndiponso kuti kafukufuku wanga wa chaka chomaliza, wokhudza mitengo ya nsomba kwa amayi ogulitsa m'mbali mwa nyanja ya Malombe, manambala ake ndinawasanthula ndekha.

Ndinalipira, n'kuika mapepalawo mu envelopu yakhaki, ndipo ndinakwera kabaza kupita ku positi ofesi envelopuyo nditaikumbatira pachifuwa kuopa fumbi. Mpaka lero sanandiyankhe. Sabata ino ndikukonza ina yoti ipite ku Zomba, ndipo 2.94 ili pomwepo, pa mzere wachitatu.