Ulendo wa ku Cambodia: Msonkhano wa Aphunzitsi ndi Mbiri ya Anthu a Chikhmer

Chimene chinanditengera ku Phnom Penh, likulu la dziko la Cambodia, ndi msonkhano wa CamTESOL, umene chaka chilichonse umasonkhanitsa aphunzitsi a Chingerezi ochokera m'mayiko osiyanasiyana. Tinakambirana nkhani zimene mphunzitsi aliyense amazidziwa, monga makalasi odzaza ndiponso njira zolimbikitsira ana amanyazi kuti azilankhula. Aphunzitsi a m'dzikomo, ambiri mwa iwo achinyamata, ankatipatsa moni pophatikiza manja pachifuwa n'kuweramitsa mutu pang'ono.

Msonkhano utatha, ndinakwera tuk-tuk, njinga yamoto yokoka kangolo, kupita ku Tuol Sleng. Malowa anali sukulu ya sekondale, koma gulu lachikomyunizimu la Khmer Rouge, lotsogozedwa ndi Pol Pot, litalanda mzindawu pa 17 April 1975, linawasandutsa ndende yotchedwa S-21. Makalasi ena anawagawa ndi njerwa kukhala tizipinda topanikiza, makhonde anawatchinga ndi waya waminga, ndipo m'zipinda zina mukadali mabedi achitsulo amene ankamangirirapo anthu powazunza. Chimene chinandizizira nkhongono n'chakuti mkulu wa ndendeyi, Kaing Guek Eav, wodziwika kuti Duch, poyamba anali mphunzitsi wa masamu. Mu 2012 khoti linamulamula kuti akhale m'ndende moyo wake wonse. Boma la Khmer Rouge linatseka masukulu n'kumasaka anthu ophunzira, ndipo pofika mu January 1979, pamene linagwa, anthu pakati pa 1.5 ndi 2 miliyoni anali atafa pophedwa, ndi njala komanso matenda. Mphunzitsi aliyense wopita kumsonkhanowu ayenera kufika pamalowa, ngakhale mtima ukane.

Kenako ndinalowera ku Siem Reap kukaona Angkor Wat, kachisi amene Mfumu Suryavarman II inamanga m'zaka za m'ma 1100 polemekeza mulungu wa Chihindu, Vishnu, ndipo pambuyo pake kachisiyu anakhala wa chipembedzo cha Chibuda. Kachisi ameneyu ndi yemwe ali pa mbendera ya dzikoli. Alendo amathamangira kukajambula dzuwa likutuluka, koma kwa ine chuma chenicheni chili m'makhonde ataliatali, mmene amisiri anasema pamiyala nkhondo, magulu a asilikali ndi njovu, ndiponso milungu ndi ziwanda zikukokana chinjoka chachikulu povundula nyanja ya mkaka.