Ndinangoti Kochi Achoke

Timu yathu ndi ya ligi yaing'ono, ya anyamata amene amayamba apita kuntchito kenako n'kubwera kudzaphunzira mpira dzuwa litapendeka. Chaka chimenecho zinthu zinaipa kwabasi. Pamasewero 10 tinali ndi mapointi 6 okha, wachiwiri kuchokera pansi, nkhwangwa ili m'khosi. Titakwapulidwanso 3-1 pakhomo, apampando anaitanitsa msonkhano wa komiti ndi masapota, nkhani yake imodzi basi: kochi achoke kapena akhale.

Ine ndinapita nditakonzeka. Ndinatenga nsalu yoyera imene ndinali nditalembapo ndi penti yofiira kuti KOCHI ACHOKE. Dzina lawo sindinalembepo chifukwa malo anatha.

Oyamba kuyankhula anali alamu anga, munthu amene nkhani iliyonse ya mpira amaikokera kwa Alex Ferguson. Anati mkuluyo anafika ku Manchester United mu 1986, anakhala zaka zoposa zitatu opanda chikho, mu 1990 anamaliza ligi pa nambala 13, koma akuluakulu a timu anaugwira mtima. Chaka chomwecho anatenga FA Cup, ndipo pochoka mu 2013 anali atatenga ligi ka 13. Anawonjezanso Mikel Arteta, amene anamaliza pa nambala 8 kawiri motsatizana ku Arsenal, n'kuyamba ligi ya 2021 ndi kugonja katatu osagoletsa ngakhale chimodzi, komaliza 5-0 kwa Manchester City, koma sanamuchotse.

"Alamu," ndinatero, "inu mumawerenga tsamba limodzi lokha. Chelsea inachotsa Villas-Boas mu March 2012, Di Matteo n'kutenga Champions League mu May, pabwalo la eni ake Bayern Munich. Anachotsa Lampard mu January 2021, Tuchel n'kutenganso chikho chomwecho pasanathe miyezi 5. Leicester inachotsa Ranieri mu February 2017, munthu woti anawapatsa ligi dzulodzulo, ndipo Craig Shakespeare anapambana masewero 5 a ligi motsatizana. Kuchotsa kochi n'kuchiza timu."

Anthu anaomba m'manja. Ndinakhala pansi mwachifatse kuti aliyense andione bwino.

Kenako anaimirira madala ena amene kale anali oyimbira mpira, ndipo anayankhula mozizira. Anati Di Matteo uja anamuonetsa msana wa njira mu November 2012, Shakespeare nayenso mu October 2017, ndipo Leeds itaitana Sam Allardyce mu May 2023 kuti aipulumutse, anapeza pointi imodzi pamasewero 4, timu n'kutuluka ndithu. Anafotokozanso chinthu chimene sindinachikonde. Kochi amachotsedwa timu ikafika pansi penipeni, nthawi zambiri itangokumana ndi matimu akuluakulu motsatizana, osewera abwino atavulala. Zikatero masewero otsatira amakhala opepukirapo, ovulala amachira, timu n'kupeza mapointi amene ikanawapezabe, koma ulemu wonse umapita kwa mlendo. "Tayang'anani amene tatsala nawo," anatero. "Atatu otsatirawa onse ali m'munsi muno ngati ife."

Asungichuma sanakambe za mpira. Anati kontrakiti ya kochi yatsala miyezi 7, ndipo timu ikamuchotsa yokha iyenera kulipira miyezi yonseyo, kuphatikiza iwiri imene tinali tisanamulipire. Kochi watsopano amabwera ndi wothandizira wake, amafuna osewera ake, chikhalirecho msika wa osewera unali wotseka. "Mukhala mukulipira makochi awiri," anatero, "wina ali pabenchi, wina ali kwawo akuonera TV."

Apa ndinaona kuti msonkhano ukundipulumuka, ndiye ndinatulutsa zida zazikulu. Ndinapempha choko. Ndinajambula kuti pa zigoli zimene tamwetsedwa, zambiri zikuchokera pakona, chifukwa anyamata athu amalondera malo m'malo molondera munthu, ndipo pamtengo wapafupi sipaima aliyense. Mdani akungothamangira kutsogolo n'kuupatutsa ndi mutu. Ndinasonyeza kuti 4-4-2 yathu imasiya anthu awiri pakati kulimbana ndi atatu, choncho mmodzi wa adani amakhala mfulu nthawi zonse. Ndinati otchinga kumbuyo amabwerera msanga mpaka kuponda goloboyi wawo, pamene anayenera kukwera pamodzi n'kutchera ofusayidi. Ndinati osewera amalowetsedwa mochedwa, mphindi 80 zitadutsa, thukuta la mpira litauma. Ndinamaliza ndi mawu amene alamu anga amandikumbutsa mpaka lero: "Zimenezi ngakhale ine ndingazikonze sabata imodzi."

Kumbuyo kunamveka mpando ukukhuluka. Kochi anali momwemo nthawi yonseyi, chipewa atachitsitsira kumaso. Anabwera kutsogolo, navula wenzulo m'khosi mwawo n'kundiveka ine. Anaika thumba la mipira ndi makoni pamapazi anga, kabuku kawo kakuda n'kukalowetsa m'thumba la jekete lawo. "Apampando, ndatula pansi udindo. Mwapeza katswiri."

Nkhope ya asungichuma inawala nthawi yomweyo, pakuti wochoka yekha salipidwa miyezi yotsala. Apampando anandiyang'ana nati, "Achimwene, matenda mwawaona ndinu, mankhwala muperekenso ndinu. Loweruka tili pakhomo."

Lachiwiri kunabwera osewera 13. Ndinayamba kudziwa zinthu zimene munthu sazionera kuseri kwa waya. Wosewera pakati wachitatu amene ndinkamufuna uja amagwira ntchito ya usiku, ndipo mpweya wake umatha pamphindi 25. Otchinga kumbuyo awiri apakati amabwerera msanga chifukwa mmodzi ali ndi bondo lomangamanga, winayo ali ndi zaka zimene yekha amazidziwa. Koma mawu ndinali nditalankhula kale pagulu, choncho tinaphunzira 4-3-3 ndi msampha wa ofusayidi. Ndinawauza kuti kaputeni akakuwa kuti "tiyeni", onse anayi akwere masitepe atatu dzanja lili m'mwamba. Pabwalo lopanda adani zinkaoneka bwino zedi.

Loweruka ndinavala jekete ngakhale kunali kotentha. Alembi a timu anali pa ulendo, ndiye pepala la maina ndinalemba ndekha: oyamba 11, apabenchi 5, manambala a jezi, siginecha yanga yaikulu pansi. Woyimbira anafananitsa maina ndi makadi a osewera, zonse zinali bwino. Kutsogolo ndinaika mnyamata wathu wa nambala 9, amene sabata yonseyo ankangomwetulira, osanena kanthu.

Mphindi 20 zisanakwane, wotchinga wakumanzere anadutsidwa kawiri. Ine ndinali nditalonjeza anthu kuti sindichedwa kusintha, choncho ndinamutulutsa pomwepo. Masapota anakuwa mokondwa. Popumulira ndinayankhula kwambiri za mtima ndi ulemu wa jezi mpaka ndinaiwala kusintha wa ntchito ya usiku uja, amene anali atagona chagada pa udzu. Ndinamutulutsa pamphindi 52. Pamphindi 61 ndinalowetsanso wina wakumphepete, chifukwa kochi wa adani anali atasintha ndipo sindinafune kuoneka ngati ndilibe maganizo.

Pakati pa zonsezi, njira yanga ya pakona inagwira ntchito, ndipo ndikufuna zimenezi zilembedwe. Mnyamata amene ndinamuimika pamtengo wapafupi anabweza mpira pamzere weniweni. Nambala 9 nayenso anagoletsa ndi mutu pamphindi 58. Tinali patsogolo 1-0, anthu akuimba dzina langa.

Pamphindi 70 goloboyi wathu anawombana ndi mdani, chala chake n'kuloza kolakwika. Ndinakodola goloboyi wapabenchi. Wokweza mbendera anandiimitsa ndi dzanja. Ndinamuuza kuti ndasintha atatu okha, malamulo amalola 5. Iye anavomera kuti amalola 5, koma m'mipata itatu yokha mpira uli mkati, kupatula nthawi yopumulira imene siwerengedwa, ndipo ine mipata yanga itatu ndinali nditaimwaza pa munthu mmodzimmodzi. Lamulo limeneli ndinkalidziwa bwino lomwe ndikakhala pa TV. Goloboyi wabwinobwino anakhala pabenchi atavala magolovesi, pamene wa bondo lomangamanga uja ankavala jezi ya mnzake wovulalayo, yofika pamchombo. Tinatsala 10.

Patangopita mphindi zochepa adani anapeza mpira woponya ndi manja pafupi ndi kona yathu. Kaputeni anakuwa "tiyeni", anyamata anakwera masitepe atatu manja ali m'mwamba, ndendende monga ndinawaphunzitsira. Mpira unaponyedwa kudutsa pamitu pawo, mdani n'kutsala yekha ndi goloboyi wa jezi yapamchombo. 1-1. Mbendera sinakwere.

Kochi amaloledwa kuima m'kabwalo kake kapatsogolo pa benchi, kotsala mita imodzi kuti ufike pamzere. Ine ndinadutsa kabwaloko, ndinadutsa mzere, ndinakafika pafupifupi pakati pa bwalo, jekete likuuluka. Woyimbira anandimvetsera mwaulemu, kenako anati, "Bambo, pa mpira woponya ndi manja palibe ofusayidi. Pakona palibenso, ngakhale pa mpira woyambira kugolo." Atatero anapisa dzanja m'thumba. Kuyambira 2019 makochi nawonso amaonetsedwa makadi, ndipo wolowa m'bwalo kukalimbana ndi woyimbira salandira yachikasu. Ndinaiona yofiira ili pafupi ndi mphuno yanga.

Mphindi zotsalazo ndinaonera kuseri kwa waya, pamalo anga akale. Ndinkakuwabe malangizo koma anyamata sankandimva. Mwakachetechete anabwerera ku 4-4-1, otchinga anayi n'kukhala pafupi ndi golo monga ankachitira ndi kochi wakale. Adani anabwera onse kutsogolo, ndipo pamphindi 88 mpira wautali unagwera nambala 9, iye n'kuthamanga nawo theka la bwalo. 2-1. Anthu anandinyamula m'mwamba. Madala oyimbira aja anapukusa mutu, koma ndinawauza ndili pamapewa a anthu kuti nsanje si yabwino pamsinkhu wawo.

Lachitatu kunabwera kalata yochokera kwa oyendetsa ligi. Adani anali atadandaula. M'ligi yathu wosewera akasonkhanitsa makadi achikasu atatu amaphonya masewero amodzi, ndipo nambala 9 analandira yachitatu tsiku limene tinagonja 3-1 lija, nthawi imene ine ndinali kalikiliki kutukwana benchi. Woyimbira sakhudzidwa ndi zimenezo, iye amangoona ngati nkhope ikufanana ndi khadi. Kuwerenga makadi ndi ntchito ya timu. Chigamulo chinali chachidule: masewero aperekedwa kwa adani 3-0, timu ilipire chindapusa, nambala 9 aphonyebe masewero ake, ndipo ine ndisakhale pabenchi masewero awiri. Tinatsikira pansi penipeni.

Msonkhano wachiwiri unadzaza kuposa woyamba. Ndinaimirira n'kukumbutsa anthu kuti zoterezi zimagwera ndi akuluakulu omwe. Mu December 2015 Real Madrid inapambana 3-1 ku Cádiz mu Copa del Rey itaseweretsa Denis Cheryshev, amene anali ndi chiletso cha makadi achikasu amene analandira ali ku Villarreal. Iyenso anagoletsa, ndipo timu yonse inachotsedwa mumpikisano. "Ngati zinachitikira Rafa Benítez," ndinatero, "ine ndine ndani?"

"Benítez anachotsedwa mwezi wotsatira," anayankha alamu anga.

Ndinawapempha kuti aganize za Ferguson. Ndinati timu simangidwa tsiku limodzi, kochi amafunika nthawi, osewera ndinawapeza, sindinasankhe ndine. Ndinati ngakhale Frank de Boer, amene sanagoletse n'chimodzi chomwe ku Crystal Palace mu 2017, anapatsidwa masewero 4 a ligi. Ndili mkati moyankhula ndinaona anyamata awiri akutambasula nsalu kumbuyo, alamu anga atagwira pakati kuti isakhote. Inali yanga yomwe ija, ndipo poti inalibe dzina, sipanafunike kusintha chilembo. Apampando anafunsa asungichuma kuti kundichotsa kudya ndalama zingati. Asungichuma anati ine ndilibe kontrakiti, koma ngati n'kotheka ndithandizeko chindapusa. Manja anakwera onse kupatula langa ndi la nambala 9, amene ananena kuti sanaonepo kochi womukhulupirira ngati ine.

Anagwirizana zokapepesa kwa kochi wakale, ndipo onyamula thumba la mipira anasankha ine. Tinawapeza atakhala pakhonde. Anamvetsera apampando mpaka kumapeto, anati abwerera akalandira miyezi yawo iwiri ija, kenako anakhuthula thumba n'kuyamba kuwerenga makoni. Awiri anali atasowa. Atamaliza anatulutsa kabuku kakuda kaja n'kunditsegulira tsamba lomaliza. Panali maina a osewera onse, aliyense ndi timizere ta makadi ake, ndipo pa nambala 9 panali timizere titatu ndi mawu odulidwa mzere pansi: asasewere Loweruka.

"Nanga bwanji simunandiuze, akulu?" ndinafunsa.

"Ndinakweza dzanja pamsonkhano paja," anatero. "Munali mukufotokoza za Tuchel."