Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Liwu la break ndi maliro a bambo

Ndiyambe ndi kuthokoza nonse amene munalemba pansi pa gawo lapita lija. Ena munandilimbitsa mtima, ena munandifotokozera zanu zimene ndi zolemera kuposa zanga. Mayi a ku Mzimba amene munati mumawawerengera amuna anu nkhanizi madzulo, Mulungu akusungeni nonse awiri. Ndipo inu aphunzitsi a Chingerezi amene munafunsa kuti ndi liwu liti lija ndinati ndikalimva mtima umandigunda, yankho lanu ndi lino. Liwulo ndi break. Ndakhala ndikuzengereza kulemba gawo lino chifukwa mkati mwake muli maliro a bambo, koma mbiriyi singapitirire ndikalumpha pamenepa.

Tonse amene tinadutsa ku pulayimale tinalidziwa liwuli tisanazindikire n'komwe kuti ndi Chingerezi. Belu likalira tinkangoti yakwana buleki, n'kuthamangira kuseri kwa makalasi komwe amayi ankagulitsa zitumbuwa, chinangwa ndi nzimbe. Titafika Sitandade 5, pomwe maphunziro onse ankasinthira ku Chingerezi, aphunzitsi anatiloweza break, broke, broken, natiuza kuti tanthauzo lake ndi kuswa. Bambo, amene mukudziwa kuti ankakonza njinga pamsika, analinso ndi mabuleki awo, koma amenewo ndi brake, liwu lina lolembedwa mosiyana ngakhale kuti m'khutu limamveka chimodzimodzi.

Za sekondale, za ukwati wanga woyamba, za kubadwa kwa mwana ndi za ulendo wobwera ku England ndinalemba kale. Ndifike pa ntchito yosamalira okalamba ku Leicester.

Break yoyamba imene ndinaidziwa bwino kuno ndi yopuma pa ntchito, ndipo ndinaidziwa chifukwa choti ankatimana. Kampani yotumiza antchito ija ndinakamba m'gawo 10 inkatiika pa mashifiti a maola 12, n'kumadula ola lathunthu pa malipiro kuti tinapuma, chikhalirecho tiyi tinkamwera chiimire, belu la m'zipinda likulira. Abale anga amene muli kuno pa ntchito imeneyi, tamverani. Lamulo la Working Time Regulations la 1998 limati munthu wogwira ntchito kupitirira maola 6 ayenera kupuma mphindi 20 popanda womusokoneza, ndiponso kuti pakati pa tsiku limodzi la ntchito ndi linzake pakhale maola 11 opuma. Lamulolo silikakamiza bwana kulipira mphindi zopumazo, koma sililola kuti akumaneni. Ena munandilembera kuti ndinachita mwano kusiya kampani imene inandipatsa ntchito yoyamba. Sindinachoke mwamwano. Ndinatsanzika bwinobwino, ndipo ndinachoka chifukwa msana unali utayamba kundivuta ndili ndi mwana woti ndimulere.

Kunyumba ya okalamba kumene ndinasamukira, liwuli linali m'kamwa mwa aliyense. Posambitsa munthu tinkayang'ana pazidendene, m'chiuno ndi pamatako ngati pali broken skin, kutanthauza kuti khungu layamba kunyuka chifukwa chogonera mbali imodzi nthawi yayitali, ndipo tikapeza tinkalemba chizindikiro pa chithunzi cha thupi chimene chimakhala m'fayilo ya munthu aliyense. N'chifukwa chake ogona pabedi tinkawatembenuza pafupipafupi, usana ndi usiku. Gogo akagwa, mantha a tonse ankakhala broken hip, kuthyoka kwa fupa la m'chiuno, chifukwa wokalamba akathyoka pamenepo ambiri sabwereranso mwakale.

Koma amene anandiphunzitsa liwuli mpaka kulimvetsa anali gogo aja a m'chipinda chakumapeto, amene kale anali mphunzitsi. Mukuwakumbuka, aja ankakana kudya phala ngati silinathiridwe mchere. Miyendo inali itawathera koma mutu unali wakuthwa, ndipo atazindikira kuti ndimakonda kufunsa, anandisandutsa mwana wawo wa sukulu. Ndikuwapesa tsitsi ankandiuza kuti galimoto ikafa pamsewu amati break down, ndipo munthu akalephera kudzigwira n'kuyamba kulira amateronso. Mbava zikathyola nyumba ndi break in, koma nsapato yatsopano yoluma ukamaivala pang'onopang'ono kuti ifewe ndi break in yomweyo. Chibwenzi chikatha ndi break up, sukulu ikatsekera ndi break up. Nkhondo, moto ndi mliri zikabuka ndi break out. Mnyamata mawu akayamba kukula, wodwala thupi likasiya kutentha, mayi wapakati madzi akatuluka, kunja kukayamba kucha, ponsepo liwu ndi lomweli. Ngakhale breakfast, anati, ndi kumasula kusala kwa usiku wonse, monga anzathu achisilamu amamasulira dzuwa likalowa m'mwezi wa Ramadan. Anandiuzanso kuti liwuli ndi lakale kuposa zaka 1,000, kuti makolo awo ankati brecan, ndipo Ajeremani mpaka lero amati brechen.

Nanenso ndinkawabwezera zakwathu. Ndinawauza kuti ife ndodo imathyoka, mbale imasweka, chingwe chimaduka, khoma limagumuka, mkate timanyema, lamulo timaphwanya, ukwati umatha. Sungauze munthu kuti waswa chingwe kapena wathyola dzira, angakuyang'ane kawiri. Gogowo anakondwa nazo kwambiri moti anandiuza kuti ndiwalembere papepala, n'kuliika m'Baibulo lawo. Mmene ndimaonera ine, Chichewa chimayang'ana chinthu chimene chawonongekacho ndi momwe chawonongekera, pomwe Chingerezi chimangoona kuti panali chinthu chathunthu kapena chimene chimapitirira, ndipo chadukizidwa. Ukagwira pamenepo, buleki ya kusukulu ndi mbale yosweka zimakumana. Aphunzitsi, anawo auzeni zimenezi, musamangowaloweza mndandanda.

Tsiku lina amuna a gogo wina wa m'nyumbamo anamwalira kuchipatala, ndipo ndinamva anamwino akufunsana kuti, "Who is going to break it to her?" Madzulo ndinakafunsa aphunzitsi anga aja. Anati break the news ndi kuuza munthu uthenga woipa, ndipo kawirikawiri amawonjezera kuti gently, mofatsa. Anati uthenga wotere sumuponyera munthu wonse nthawi imodzi, umamupatsa pang'onopang'ono monga momwe timatemera nsima timbamu ting'onoting'ono podyetsa wodwala. Ndinawauza kuti kwathu timadziwa zimenezo kuyambira kale. Maliro akachitika amatumidwa munthu wamkulu, amafika, amakhala pansi, amalonjeredwa, ndipo kwa mwana wa malemu amene ali kutali amayamba ndi kunena kuti matenda akula, bwerani. Wamkulu aliyense amadziwa chimene chili kuseri kwa mawuwo, koma amakupatsa mpata woti mtima ukonzeke, ndipo pomwe akutchula kuti atisiya, pambali pako pamakhala pali wokugwira.

Gogo mphunzitsi aja anamwalira mu Epulo 2020, pamene Covid inalowa m'nyumba yathu ija, boma litatseka dziko pa 23 Malichi. Pa zikalata zonse ankalemba kuti outbreak. Ana awo anawatsanzika pa foni, ine nditaigwirizira kukhutu kwawo.

Tsopano ndifike pa Januwale 2021. Kuno England anatitsekeranso m'nyumba kachitatu kuyambira pa 6. Ife osamalira okalamba tinali m'gulu loyamba kulandira katemera, amene anayamba kuperekedwa pa 8 Disembala 2020 ku Coventry, ndipo pa wailesi ankangoti breakthrough, kuti asayansi aboola pamene panali potseka. Ine ndinali nditabayitsa kale. Kumudzi katemera kunalibe, ndipo matenda anali atavuta kuposa chaka cham'mbuyo. Pa 12 Januwale nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, ndipo a Pulezidenti Chakwera analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Sabata yomweyo bambo anayamba kutsokomola. Pa foni ankati ndi chimfine chabe, mwanangu, usadandaule, ndafukiza bulugamu. Patapita masiku ochepa achimwene anawatengera kuchipatala chifukwa mpweya unkawathera akangoyenda kuchoka pakhonde kufika kubafa.

M'mawa wa tsikulo, ndikukonzeka kupita ku ntchito, achimwene anaimba. Anati, "Achemwali, matenda akula kuno. Mukaweruka mundiimbire, ndipo musakhale nokha." Ndinafunsa ngati ndingayankhule nawo bambo. Anati agona. Ndinamva kuti mawu a achimwene sali bwino, koma ndinagwiritsa mawu akuti agonawo ndi manja awiri. Pambuyo pake ndinadziwa kuti bambo anali atatisiya m'bandakucha, ndipo achimwene anali atapangana ndi amayi abusa a mpingo wathu wa Amalawi kuno kuti akandidikire pageti poweruka, akandiuze maso ndi maso. Achimwene, pamenepa munachita zaumunthu, ndipo sindidzaiwala.

Ndinagwira ntchito m'mawa wonsewo. Ndinasambitsa anthu, ndinadyetsa, ndinasintha zofunda. Foni inali m'kabati chifukwa sitiloledwa kuyenda nayo. Masana namwino anandiuza kuti ndikapume. Ndinavula magolovesi ndi epuloni, ndinasamba m'manja, ndinalowa m'kachipinda kathu kodyera. Munalibe munthu, chifukwa nthawi imeneyo tinkapuma mmodzimmodzi. Ndinathira tiyi, ndinatsitsa masiki, n'kutsegula foni kuti ndione ngati achimwene alemba kanthu.

Achimwene sanalembe. Chimene ndinaona chinali chithunzi cha bambo pa WhatsApp, chija anajambulitsa pa ukwati wa mng'ono wanga atavala jekete yotuwa. Munthu anali atachikongoletsa ndi makandulo uku ndi uku. Pansi pake panalembedwa kuti, "Breaking news, malume atisiya, RIP." Anali ataika msuweni wanga, cha m'ma 7 koloko m'mawa, pa status ndi pa Facebook pomwe. Anthu anali atayamba kale kupepesa, ena osawadziwa n'komwe bambo. Anthu a ku Johannesburg, anzanga a ku sekondale, ngakhale mwamuna wanga wakale, onse anadziwa kuti ndine wamasiye ine ndikupukuta gogo wa eni kumaso.

Sindikumbuka kuti kapu inagwa bwanji. Ndikukumbuka kuti ndinayang'anitsitsa jeketeyo, kolala yake imene inapindika mbali imodzi, n'kumaganiza kuti tsiku la ukwati lija ndinafuna kuwakonzera koma wojambula anafulumira. Ndinaimbira achimwene, ndipo atangoyankha ndinamva nyimbo za maliro kumbuyo kwawo, amayi a mvano akuimba. Sanathe kunena kanthu, anangoti, "Achemwali, pepani, sitinafune kuti mumve choncho." Ndinakhala pansi pa simenti n'kulira maliro achikwathu, mokuwa, kuitana bambo. Namwino wina wa ku Philippines anathamangira m'kachipindamo, ndipo ngakhale kuti malamulo ankatiletsa kuyandikana, anagwada n'kundikumbatira. Kenako ndinamumva akuuza abwana pakhomo kuti, "She broke down, her dad has died."

Amayi abusa anabwera kudzanditenga nthawi isanakwane. Kunyumba kunalibe siwa, kunalibe wodzagona nane pamphasa, chifukwa lamulo silinkalola anthu kulowa m'nyumba za anzawo. Azimayi a mpingo ankasiya ndiwo ndi ufa pakhomo, n'kuima chapatali kundipepesa ali m'mamasiki. Mawa lake ndinaonera mwambo woika bambo pa foni imene mng'ono wanga anagwirizira, netiweki ikudukaduka. Bokosi silinatsekulidwe. Anthu anali ochepa, kwa munthu amene anakonzera njinga mudzi wonse.

Tsopano ndiyankhe aja munanena pa maliro pomwepo kuti ndalama za kunja zinandikomera mpaka kulephera kudzaika bambo anga. Mawu amenewo anandipeza. Maliro a Covid ankaikidwa mwachangu, ndipo palibe ndege ikanandifikitsa nthawi yake. Kuyambira pa 9 Januwale boma la Britain linali litatseka khomo kwa ochokera ku Malawi ndi maiko oyandikana nawo, kupatula nzika ndi ife okhala ndi chilolezo, ndipo kuyambira pa 15 Febuluwale wobwerera ankayenera kubindikiritsidwa mu hotela n'kulipira yekha mapaundi 1,750. Ndalama imene ndinali nayo ndinatumiza kuti igule bokosi, idyetse anthu, ndi kuti mayi asasowe kanthu miyezi yotsatirayo. Katemera woyamba anafika ku Malawi pa 5 Malichi, kudzera ku COVAX, ndondomeko yothandiza maiko kupeza katemera. Ndikawerengera kuti bambo anangotsala masabata ochepa kuti amupeze, mpaka lero tulo timandithawa.

Ndipo inu asuweni, ndikudziwa kuti mumawerenga nkhanizi, chifukwa gawo 8 munalitumiza kwa azakhali. Nditakufunsani chifukwa chimene munachitira zija munati mumafuna kuti anthu adziwe msanga. Anthu ake ati? Breaking news ndi ya atolankhani, amene amadukiza pulogalamu kuti akhale oyamba kulengeza za anthu amene si abale awo. Inu bambo anga anali malume anu, anakulipirirani fizi ya Fomu 1, ndipo nambala ya achimwene munali nayo. Kukanangotengera funso limodzi lokha, loti kodi ana onse auzidwa? Mpaka lero simunabwere kudzapepesa. Sindikusungirani chidani, ndipo pa ukwati wa mwana wanu ndinasonkha nawo, koma nkhaniyi siinathe, ndipo ndikadzabwera tidzaikamba pamaso pa akuluakulu.

Ndinabwerera ku ntchito patapita masabata awiri. Kwa nthawi yaitali ndinkakapumira panja, pabenchi ya pafupi ndi poimika magalimoto, ngakhale kukuzizira, chifukwa m'kachipinda kaja sindinkatha kulowamo. Abwana anamvetsa, sanandifunse kawiri.

Pa 11 Okutobala 2021 dziko la Malawi linachotsedwa pa mndandanda wa maiko oletsedwa, ndipo ndinagula tikiti ya Disembala kuti ndikaone manda a bambo ndi kukonza za chiliza. Pa 28 Novembala, chifukwa cha mtundu watsopano wa Covid wotchedwa Omicron, analibwezeretsanso. Za tikiti imeneyo, ndi zimene mayi anandiuza nditafika kumudzi, ndidzalemba m'gawo 15.