Tsitsi Likamathothoka, Tiganizirenso za M'mimba

Munthu wathanzi amataya tsitsi 50 mpaka 100 patsiku, koma likamathothoka mopitirira apo kwa miyezi yambiri, ine ndimaona kuti nkofunika kuganizira za m'mimba tisanathamangire kugula mafuta okwera mtengo. Mizu ya tsitsi imafuna ayironi ndi mapuloteni, ndipo munthu wovutika ndi kutsegula m'mimba kosatha, kapena njoka za m'mimba zoyamwa magazi, sapeza zinthuzi mokwanira ngakhale azidya bwino. Tiyi womwera pa chakudya amachepetsanso ayironi amene thupi limatenga mu nyemba ndi bonongwe, pomwe malalanje ndi magwafa amathandiza. Malungo kapena nkhawa yaikulu zimathothola tsitsi patapita miyezi 2 kapena 3, n'chifukwa chake ambiri sazindikira gwero lake. Poyambira pabwino ndi kuyezetsa magazi kuchipatala, ndi kusiya kaye kuluka tsitsi mothinitsa.